Ulendo wa ku Karonga: mabuleki, mbalagha ndi nyemba 14 zija

Amene munatsala, lekani kutiimbira foni mmodzimmodzi. Nkhani yonse ya ulendo wathu, ife alangizi a ku Mzuzu, wokaphunzira kwa anzathu a ku Karonga za kuthandiza anthu ovutika maganizo ndi iyi, ndipo amene akuona kuti tamunamizira adzadziyankhire yekha pa msonkhano wa mwezi uno.

Tinanyamuka pa Katoto Lachinayi m'mawa tili anthu 15, titachedwa ndi ola lathunthu. A Tcheya, omwe anaopseza kuti wochedwa asiyidwa, ndi amene anafika pomaliza. Chifunga cha Mzuzu chinali chisanachoke, aliyense ali m'juzi, koma pofika ku Chiweta majuzi onse anali pansi pa mipando.

Potsika phiri lija a dalaivala anaponda buleki osachotsapo phazi, galimoto ili m'giya yaikulu. Amayi Msungichuma ndiwo anayamba kumva fungo, n'kumafunsa kuti wapsereza chitenje ndani. Posakhalitsa buleki inayamba kulowa yonse ngati waponda phala. Mapadi akatentha kwambiri sagwiranso, ndipo mafuta a mabuleki akakhala akale, oti analowa chinyezi, amawira. Mwamwayi a dalaivala anatsitsa magiya, n'kuimika pambali ndi handibuleki, ife n'kuika miyala kumatayala. Achimwene athu a ku Chiputula anathamanga ndi chigubu cha madzi kuti akathire, a dalaivala n'kuwaletsa. Apo pokha anachita bwino, chifukwa chitsulo chotentha ukachithira madzi ozizira chimapindika kapena kung'aluka. Mankhwala ake ndi kudikira basi. Tinakhala mphindi 40 tikuyang'ana nyanja, ndipo ndi nthawi imeneyo pamene nyani analowa pa windo n'kunyamula jumbo ya mandazi a Mlembi. A Mlembi anamukalipira m'Chichewa, osatheka, kenako m'Chitumbuka. Mpaka lero akuti nyaniyo anali wa chilankhulo china, n'chifukwa chake timafunika womasulira.

Nthabwalayo inakhala mutu wa ulendo wonse, pakuti anzathu amene anatilandira, alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka, amathandiza anthu olankhula Chinkhonde, Chilambya ndi Chindali, pomwe mapepala ofunsira amene timanyamula ali m'Chingerezi ndi m'Chichewa.

Za m'kalasi tinene mwachidule. Anatikumbutsa kuti mlangizi sapereka mankhwala a maganizo. Ntchito yake ndi kuzindikira, kumvetsera, kutumiza kuchipatala ndi kuyendera. Munthu wosokonezeka mutu mwadzidzidzi, thupi lili lotentha, musamukhazike pa benchi kuti mucheze naye, ameneyo apite kuchipatala lomwelo chifukwa akhoza kukhala malungo aakulu. Amene wayamba kumwa mankhwala a maganizo monga amitriptyline kapena fluoxetine muuzeni kuti papita masabata angapo asanamve kusintha, apo ayi amasiya sabata yoyamba n'kumati mankhwala sakugwira. Anakambanso za Friendship Bench, njira imene Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare, yoti agogo ophunzitsidwa amakumana ndi munthu pa benchi maulendo 6 n'kumuthandiza kusankha vuto limodzi loti athane nalo, osati onse nthawi imodzi. Ku Harareko vuto la maganizoli amati kufungisisa, kuno timati kuganiza kwambiri.

Tsopano nyemba. Mukudziwa kuti PHQ-9, pepala lofunsira lija loyezera matenda a kukhumudwa, ili ndi mafunso 9, lililonse limapatsidwa 0, 1, 2 kapena 3, ndipo zonse pamodzi sizipitirira 27. Vuto ndi lakuti ukafunsa gogo kuti m'masabata awiri apitawa anasowa tulo "masiku opitirira theka", amangokuyang'ana. Anzathu aja amayala nyemba 14 pa mphasa, nyemba imodzi tsiku limodzi, n'kumuuza munthuyo kuti akankhire mbali masiku amene vutolo linamupeza. Akakankha imodzi kapena osakankha konse, mulemba 0. Kuyambira 2 mpaka 6 ndi 1, kuyambira 7 mpaka 11 ndi 2, kuyambira 12 mpaka 14 ndi 3. Mukatha funso, bwezerani nyemba zonse pakati musanafunse lotsatira. Theka la ife tinaiwala zimenezi pa sewero loyamba loyeserera kufunsa odwala, ndipo odwala athu onse anaoneka ngati akuchira pofika funso lachisanu, chonsecho nyemba ndi zimene zinatha. Manambala a mafunso onse pamodzi akakwana 10 kapena kuposerapo, munthuyo aonedwe ndi a chipatala.

Tinasangalala nayo njirayi moti Amayi Msungichuma anagula makilo awiri a nyemba kuti aliyense abwerere ndi kathumba kake. Anazisiya kukhitchini kuti zisasowe. Lachisanu masana tinadya mpunga wa Kilombero ndi nyemba zokoma kwambiri, ndipo oyamba kuonjezera anali iwo omwe. Atazindikira, anaika supuni pansi n'kunena kuti, "Abale, ndilemba kuti chiyani m'buku, zida zophunzitsira kapena ndiwo?" Funsoli komiti sinaliyankhebe. Amene mukufuna kuyamba, njere za chimanga kapena timiyala zimagwira ntchito chimodzimodzi, ndipo timiyala palibe angaphike.

Mkangano weniweni unabuka madzulo ake. Pa sewero, abambo athu a ku Mchengautuwa anapatsidwa mayi wolankhula Chinkhonde chokha, iwo n'kuitana "mwamuna wake" kuti amasulire. Namwino wa kumeneko anaimitsa sewero pomwepo. Abambowo sanagonje: "Amayi, kumudzi womasulira ndimupeza kuti? Amene alipo ndi yemweyo." Namwino anawafunsa kuti nanga ngati chimene chikumusowetsa tulo mayiyo ndi mwamuna yemweyo, ayankha bwanji? Ena a ife tinali mbali ya abambowo, tisabise, chifukwa tonse tinachitapo zimenezi, ena mpaka kugwiritsa ntchito mwana wa sukulu. Koma mwana sanganene mawu a mayi ake oti atopa ndi moyo, ndipo sayenera n'komwe kuwamva.

Zimene tinagwirizana ndi izi. Womasulira asakhale wachibale, mwana kapena woyandikana naye nyumba, ndipo wodwala avomere yekha kuti munthuyo akhalepo. Mukumane naye kaye mphindi zochepa, mudutse mafunso onse 9, mugwirizane mawu oti agwiritse ntchito, ndipo mawu oti misala asatuluke pakamwa pake. Amasulire chiganizo chimodzi chimodzi monga chanenedwera, osafupikitsa, osaonjezera malangizo ake. Inu muziyang'ana wodwala, osati womasulira. Kwa munthu wosamva, khalani poti kuwala kukugwerani kumaso, ndipo musaganize kuti kulemba pa pepala kwalowa m'malo mwa chinenero chamanja. Kwa anzathu achialubino, khalani pamthunzi, ndipo musafike pakhomo kukuda kapena ndi munthu wachilendo musanadziwitse, poti mantha awo ali ndi chifukwa.

Funso la nambala 9 ndi limene omasulira amakonda kulidumpha kapena kulifewetsa, poopa kuti kufunsa za kudzipha kumupatsa munthu maganizowo. Sikutero ayi. Lifunseni momveka, ndipo pamenepa musawerengere kuti zonse zakwana zingati: akangovomera ngakhale tsiku limodzi, musamusiye yekha. Mufunseni ngati waganiza kale njira, apempheni a pakhomo achotse tameki, mankhwala a mbewu, mapiritsi ndi zingwe, asankhe yekha wachibale mmodzi woti auzidwe, ndipo afike kuchipatala tsiku lomwelo. Ife a ku Mzuzu tili ndi mwayi poti chipatala cha matenda a maganizo cha St John of God chili pakhomo. Anzathuwa akafuna thandizo lotere ulendo wake ndi wa makilomita opitirira 200, ndipo Zomba Mental Hospital ndiye kutalitali.

Mkanganowo unathera pa mbalagha. Amene simunalawepo, ndi nthochi zosapsa zophikidwa pamodzi ndi nyama mpaka msuzi utalemera. Abambo a ku Mchengautuwa ndi namwino uja anapezeka akhala mbale moyandikana, ndipo anamveka akupempha kuti, "Amayi, tandimasulireniko kuti ndikufuna ina." Achemwali athu a ku Zolozolo, omwe ananena poyera pa Ekwendeni kuti iwo nthochi si chakudya, anapita katatu.

Tikuthokoza anzathu a ku Karonga potigoneka ndi kutipirira, makamaka amayi awiri amene anasewera odwala tsiku lonse osaseka. Zikomo amayi ophika, nyemba zija takukhululukirani. Zikomo a dalaivala pokwera Chiweta mwaulemu pobwerera, ngakhale munatiuza kuti titseke pakamwa mpaka pa Phwezi. Zikomo a Tcheya potilipirira nsomba pa Chilumba kuti nkhani ya kuchedwa isalembedwe.

Pa msonkhano ukubwerawu aliyense abwere ndi timiyala 14 ndi dzina la munthu mmodzi wa m'dera lake amene angamasulire, kaya Chitonga, Chinkhonde, Chilambya kapena chinenero chamanja. Amene munatenga fulasiki yobiriwira ya Amayi Msungichuma, ingoikani pa tebulo, sitifunsa.