Baibulo ndi Korani pa tebulo la kalaliki

Ndine kalaliki pa khoti la majisitireti m'chigawo cha kummawa, ndipo sabata ino andipatsa mtsikana wophunzira zamalamulo kuti azikhala pambali panga kuona mmene ntchito imayendera. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994, lonena za ufulu wa chipembedzo, amalidziwa pamtima. Chomwe sadachiphunzire m'kalasi n'chakuti chipembedzocho chimalowa m'khoti tsiku lililonse, ndipo chimayambira pa tebulo langa.

Lolemba mboni yoyamba inali bambo wachikulire wovala mkanjo. Nditatulutsa Korani m'nsalu yake, adabweza manja kumbuyo n'kupempha kaye madzi, poti sakadagwira bukulo asanadziyeretse. A majisitireti adaimitsa mlandu pang'ono, bamboyo adapita kumpopi kuseri, adabwera manja akudontha, ndipo adalumbira mawu akunjenjemera. Masana kudabwera mayi wina amene adakana Baibulo, nati Mateyu 5 imamuletsa kulumbira. Lamulo limalola munthu wotere kungotsimikiza kuti anena zoona popanda buku, ndipo umboni wake umalemera chimodzimodzi. Mtsikana uja adandinong'oneza: "Achimwene, ndimayesa kulumbira n'kongokwaniritsa mwambo." Ndidamuuza kuti ayang'anitsitse nkhope za mboni. Ambiri saopa ndende monga mmene amaopera bukulo.

Lachitatu ndiye lidatitopetsa. Unali mlandu wa chuma cha masiye: malemu adasiya nyumba, njinga yamoto ndi ana anayi, koma wilo osalemba. Amalume a anawo ankafuna kuti agawe monga adalangizira shehe, mwana wamwamuna atenge kawiri gawo la wamkazi. Sankanena mwachipongwe ayi, kwa iwo kugawa mwina kunali kuchimwira Mulungu. Koma lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi wamasiye ndi ana, ndipo silisiyanitsa mwana wamkazi ndi wamwamuna. A majisitireti adafotokoza zimenezi mofatsa, osanyoza chikhulupiriro cha munthu, ndipo amalumewo adatuluka osakondwa koma atamva. Luso lolankhula chotere ndimalakalaka likadamaphunzitsidwa ku Zomba ndi kwina konse kumene amasula maloya, chifukwa woweruza amene sadziwa chomwe nikah (ukwati wa Chisilamu) kapena ukwati wa kutchalitchi umatanthauza kwa eni ake amagamula molondola koma kusiya mabanja atasweka.

Lachinayi kudali nkhani ya gogo wina amene anyamata adamugwetsera nyumba, mneneri atamuloza kuti ndi mfiti. Lamulo la ufiti la 1911, la nthawi ya atsamunda, likugwirabe ntchito, ndipo wolakwa ndi amene watchula mnzake mfiti. Khamu limene lidadzaza mabenchi lidadabwa kuona kuti m'bokosi mwaima anyamata ogwetsa nyumba, gogoyo atakhala phee ngati wodandaula. Ine mtima udakhala m'malo.

Pa nkhomaliro tidakambirana za chigamulo cha Justice Zione Ntaba wa High Court ku Zomba, amene mu 2023 adati kukaniza ana a Chirasta sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo n'kuphwanya malamulo aakulu. Mtsikanayo chigamulocho adachiwerenga bwino. Ndidangomuonjezera kuti makhoti athu tidawalandira kuchokera ku England ali ndi fungo la Chikhristu: Lamulungu sitigwira ntchito, Khirisimasi ndi Pasaka timatseka, ndipo Baibulo ndi limene limakhala pafupi ndi dzanja. Mkhristu saziona zimenezi chifukwa zimamukomera.

Lachisanu ndidakonza ndandanda kuti milandu ya mboni zachisilamu ithe isanakwane 12 koloko, anthu akapeze Juma kumzikiti. Palibe lamulo londiuza kutero. Ndidaphunzira kwa kalaliki amene ndidamupeza pano, ndipo mtsikana uja ndidamuona akuzilemba m'kope lake.