Sabata yomwe ndinavota koyamba ku koleji yathu ya madokotala a ana

Lolemba mmawa ndinatuluka naiti yachitatu thupi lonse lili lende, nyengo yozizira kuno ku England wodi imadzadza ndi timakanda ta bronchiolitis topuma mobanika, usiku onse kunali kuthamanga ndi okosijeni basi. Ndili m'basi ndinapeza imelo ya RCPCH, koleji yathu ya madokotala a ana, yotikumbutsa kuti tivotere munthu otiyimilira chigawo chathu. Ndinaisunga kuti ndiiwerenge ndikadzuka.

Lachiwiri achimwene anayimba kuchokera ku Zomba, nkhani inafika pa ndalama, nde amvekere koma iwe mabungwe atatu onsewo umalipira chaka ndi chaka ndi achani? Ndinati achimwene, GMC ili ngati Medical Council of Malawi kwathuko, ndi imene imapereka layisensi ndipo ukalakwitsa kwambiri ndi imene imakulanda. BMA ndi yuniyoni, za malipiro ndi sitalaka zimathera kumeneko. Pomwe RCPCH, Royal College of Paediatrics and Child Health, ndi imene imanena kuti dokotala wa ana adziwe chani, alembe mayeso anji, ndipo mwana asamalidwe motani. Inayamba mu 1928 ngati British Paediatric Association, mu 1996 ndi pamene inapatsidwa Royal Charter nkukhala koleji payokha. Iwo anangofunsa kuti nanga amailamulira ndani, boma? Ndinayankha kuti ayi si boma, koma funso lija linandikhala mumtima.

Lachitatu ndi lomwe linanditsegula maso. Dipatimenti ya ana iliyonse imakhala ndi College Tutor, konsalitanti amene amayang'anira maphunziro a madokotala achichepere m'malo mwa koleji, ndipo wathu ndi mayi wina wachikulire amene wakhalapo m'makomiti zaka zambiri. Tinakumana pa nkhani ya Progress+, ndondomeko ya maphunziro yomwe inayamba mu 2023 nkuchepetsa zaka za treningi kuchoka pa 8 kufika pa 7, ine ndinafunsa kuti kodi zimenezi anaganiza ndani. Mayi aja anatenga pepala nkuyamba kujambula. Pamwamba pali Board of Trustees, poti kolejiyi ndi charity yolembetsedwa, awa ndi amene amayankha pa za ndalama ndi malamulo ndipo ena mwa iwo si madokotala nkomwe. Kenako pali Council, uku nde kwa mamembala, kumakhala oyimilira zigawo, oyimilira Scotland, Wales ndi Ireland, oyimilira amene akadali pa treningi. Pulezidenti amasankhidwa ndi mavoti a mamembala nkukhala zaka 3. Pansi pake makomiti ambirimbiri, a mayeso, a maphunziro, a chitetezo cha ana, kenako ogwira ntchito olembedwa ku likulu ku Theobalds Road mu London ndi maofesi ena ku Edinburgh, Cardiff ndi Belfast. Kalikulamu ikakonzedwa m'makomitimo imapita ku GMC kuti akaivomereze.

Chomwe chinandigwira mtima nchoti anthu a m'makomitiwa ndi anzathu omwewa ogona pa wodi, amachoka ku kiliniki nkulowa miting'i ya pa intaneti madzulo chakudya chisanalowe mkamwa, ambiri osalandirapo kanthu. Ndipo Camilla Kingdon, amene anali pulezidenti kuyambira 2021 mpaka 2024 asanalowe Steve Turner wa ku Aberdeen, udokotala wake anauphunzira ku Cape Town. Ndiye ife obwera tisamati mipando imeneyi ndi ya eni dziko okha ayi.

Lachinayi madzulo ndinatsalira kuthandiza anzanga awiri, wina wa ku Nigeria wina wa ku Sudan, kukonzekera Clinical ya MRCPCH, mayeso a kolejiyi a madokotala a ana. Mayeso atatu olemba aja, FOP, TAS ndi AKP, anakhoza kale, watsala uyu oyesedwa pamaso pa ma examiner ndi mwana weniweni ali pabedi. Amadandaula za mtengo wa mayeso komanso kudikira malo, ine ndinawauza kuti zimenezi tisamangozikambira mu kantini, pali otiyimilira amene ntchito yake ndi kuzitengera ku Council. Ife ochokera kunja tilipo ambiri m'mawodi a ana kuno koma nthawi ya mavoti timakhala chete, zimandiwawa ndithu chifukwa zomwe akagwirizane kumeneko ndi zomwe tidzakhale nazo pa shifiti.

Lachisanu kiliniki. Mayi wina anabwera ndi mwana osakwera sikelo, ndinatsegula kabuku kofiira kaja mwana aliyense amakhala nako kuno nkuyamba kuika madontho pa tchati, ndipo ndinakumbuka amayi anga atanyamula khadi la kusikelo mchikwama cha pulasitiki. Matchati a UK-WHO amenewa ndi ntchito ya koleji, BNF for Children yomwe ndinaonamo mulingo wa mankhwala nayonso koleji ili nawo pa eni ake. Ngakhale ETAT, njira yosankhira msanga mwana odwalitsitsa pamzere, imene Professor Elizabeth Molyneux ndi anzawo anaikhwimitsa pa Queens ku Blantyre, koleji yomweyi yakhala ikuthandiza kuphunzitsa ETAT+ ku Kenya, Uganda ndi Rwanda. Ine ETAT ndinaiphunzira kumudzi ndisanadziwe nkomwe kuti Theobalds Road ili kuti.

Loweruka ndinakhala pansi ndi tiyi nkuwerenga mawu a opikisana onse mmodzimmodzi. Wina analemba za kuchepa kwa madokotala pa rota ya usiku komanso za thandizo kwa madokotala ofika kumene kuchokera kunja, nde voti yanga inapita kumeneko. Linki ndinaitumizanso pa gulu lathu la WhatsApp la a Malawi a zachipatala kuno, mmodzi wayankha kale kuti avota akaweruka. Mawa Lamulungu ndili pa shifiti ya masana.