Ulendo wa ku Richmond: kunyumba ya John Marshall, nsima yamchere ndi denga la minibasi

Komiti inapempha kuti za ulendowu zilembedwe, kuti inu amene munatsala musamangomva za pa WhatsApp, pomwe nkhani ya nsima ndi ya denga la minibasi aliyense akuifotokoza mokomera mbali yake. Mukudziwa kuti chaka chino gulu lathu likuwerenga za mmene makhothi amapezera mphamvu zoletsa boma likalakwa, ndipo a Loya ndiwo anaumirira kuti tisangowerenga za John Marshall, Jaji Wamkulu wakale wa ku America, m'mapepala, tikaone pomwe ankakhala ku Richmond, mu Virginia.

Tinapangana kunyamuka ku Silver Spring, mu Maryland, 7 koloko m'mawa Loweruka. Tinanyamuka 8 koloko itadutsa kalekale chifukwa cha abambo awiri, onse oimba tenala. Kuchokera ku Washington kukafika ku Richmond ndi mamailosi pafupifupi 110 pa msewu wa I-95, maola awiri ngati magalimoto sanathithikane. Koma amathithikana pa mlatho wa Occoquan ku Woodbridge ndiponso pofika ku Fredericksburg, ndipo ife tinapezeka malo onse awiri pa nthawi yake yoipa.

Za denga zinachitika titangolowa mumzinda. Minibasi imene tinabwereka ndi ya anthu 15, ya denga lalitali lija loti munthu amaimirira mkati, ndipo kutalika kwake kumafika cha m'mafiti 9. Nyumba zosanjikizana zoimikamo magalimoto zambiri kuno sizilola galimoto yoposa mafiti 7, ndipo pakhomo amapachikapo chitsulo pa matcheni cholembedwa muyeso. A GPS, amene anali pa chiwongolero, anazolowera kagalimoto kawo kakang'ono. Anawerenga mtengo wa pa ola, za muyeso sanayang'ane. Tinangomva kuti gwa! pamwamba pathu, amayi onse n'kukuwa pamodzi. Kumbuyo kunali kutandandalika kale magalimoto, aliyense akuliza hutala. A Tcheya anatsika ndi suti yawo n'kuyamba kubweza magalimoto a eni ake ndi manja awiri, a Msungichuma ali pa mpando wakutsogolo kuwerenga pepala la inshuwalansi mokweza, mpaka anafika pa mzere wonena kuti kuwonongeka kwa denga inshuwalansiyo siikhudza. Pamenepo anasiya kuwerenga. Mwayi wake chitsulocho chimalendewera, choncho chinangokala penti pang'ono. Amene adzayendetse ulendo wina awone muyeso wa galimoto asanachoke nayo kobwereketsa, aulembe pakapepala pafupi ndi chiwongolero, ndipo afunefune malo oimikapo a pabwalo.

Nyumba ya Marshall ili pa 818 East Marshall Street, ndipo amaisamalira ndi a Preservation Virginia. Ndi ya njerwa, ya nsanjika imodzi pamwamba, yomalizidwa mu 1790, ndipo lero yazunguliridwa ndi nyumba zikuluzikulu za boma, kuphatikizapo khothi lotchedwa dzina lake. Kale malo ake anali mdadada wonse, wokhala ndi ofesi yake ya uloya, khitchini ndi khola la akavalo, koma zonsezo zinagwetsedwa. A Mlembi anatisungitsiratu malo, ndipo mayi amene anatiyendetsa anatidikira ngakhale tinachedwa.

Marshall anabadwa pa 24 September 1755 m'dera limene lero ndi boma la Fauquier ku Virginia, woyamba mwa ana 15. Sukulu yeniyeni anaphunzira yochepa. Nkhondo yofuna ufulu kwa Angerezi itayamba mu 1775 analowa gulu la asilikali la Culpeper, ndipo mu December chaka chomwecho anamenya nawo nkhondo ya pa Great Bridge. Kenako anakhala m'gulu lankhondo la George Washington pa Brandywine ndi Germantown mu 1777, pa Monmouth mu 1778, n'kukwera mpaka pa ukaputeni. Nyengo yozizira ya 1777 mpaka 1778 inamupeza ku Valley Forge, kumene asilikali pafupifupi 2,000 anafa, ambiri ndi matenda, ena akuyenda pa chipale opanda nsapato. Apa ndi pamene a Loya anatiimitsa kuti timvetse bwino. Chakudya m'dzikomo chinalipo. Chimene panalibe ndi boma lapakati lokhala ndi mphamvu yotolera msonkho: Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse, inkachita kupempha ndalama ku maboma 13 aja, lililonse n'kumatumiza zomwe lafuna, nthawi yomwe lafuna. Munthu amene anagona ndi njala chifukwa cha zimenezo ndi yemwe mu 1819, pa mlandu wa McCulloch ndi Maryland, anagamula kuti boma la Maryland silingakhometse msonkho banki ya dziko lonse. Ife a ku Maryland tinauzidwa ndi anzathu a ku Virginia kuti tivomereze kuti tinaluza kalekale.

Za uphungu wake tinazidutsa mothamanga. Mu 1780 anamvera maphunziro a zamalamulo a George Wythe ku koleji ya William and Mary kwa masabata ochepa chabe, n'kupatsidwa chiphaso cha uloya chosainidwa ndi Thomas Jefferson, msuweni wake amene pambuyo pake sankaonana naye ndi diso labwino. Mu 1782 anasankhidwa kukhala phungu m'nyumba ya malamulo ya Virginia. Mu 1788 anali mmodzi mwa olankhula kuti Virginia ivomereze malamulo aakulu a dziko la America, ndipo inavomereza ndi mavoti 89 kwa 79. Mu 1797 anatumidwa ku France pamodzi ndi Charles Cotesworth Pinckney ndi Elbridge Gerry, komwe anthu a nduna Talleyrand anafuna chiphuphu zokambirana zisanayambe, atatuwo n'kukana. Mu 1799 anakhala phungu ku Congress, mu 1800 nduna yoona za maiko akunja, ndipo pa 4 February 1801 analumbira kukhala Jaji Wamkulu, udindo umene anakhalapo zaka 34.

Chimene chinatikhalitsa m'nyumbamo ndi chipinda chodyera chachikulu, mmene ankaitaniramo maloya kudzadya. Ku Washington nako anachititsa kuti majaji anzake azigona nyumba imodzi ya alendo, kudya pamodzi, ndi kukambirana milandu madzulo. Iye asanabwere, jaji aliyense ankawerenga maganizo ake payekha, anthu n'kumachita kuwerengetsa kuti khothi lanena chiyani. Iye anazisintha kuti chigamulo chizituluka chimodzi m'dzina la khothi lonse, ndipo zambiri ankalemba yekha. A Tcheya anati njira imeneyi aiyesa pa komiti yathu. A Msungichuma anafunsa kuti chakudyacho azilipira ndani.

Tinakadyera ku Brown's Island m'mphepete mwa mtsinje wa James, ndipo apa ndi pomwe pali mlandu. Tinagwirizana kuti nsima iphikidwe m'nyumba ziwiri, matumba awiri a ufa a mapaundi 5, lililonse nyumba yake. Ya Amayi Busa inalibe chilema. Ufa wa m'sitolo za kuno ndi wokhakhala kuposa woyera wa kumudzi, choncho phala lake limafuna kuwira chivundikirire mphindi 15 kapena kuposerapo musanayambe kuthira wina, apo ayi nsima imamveka yaiwisi. Iwo anaomola ndi chipande choviika m'madzi, mtanda uliwonse n'kuukulunga m'pulasitiki ukadali wotentha, n'kuyala thaulo pansi pa kulabokosi ndi lina pamwamba kuti thukuta lisadikhe. Inafika masana ili yofunda bwinobwino.

Ya nyumba inayo ndi imene inavuta. Achimwene a ku Nsanje anatumidwa kukagula ufa, ndipo anatenga thumba loyera lolembedwa kuti self-rising. Ufa umenewo ndi wophikira buledi, ndipo amauthiriratu mchere ndi zofufumitsa. Alamu athu akuti phala litangoyamba kuwira linachita thovu n'kusefukira pa chitofu, iwo n'kuganiza kuti moto wachuluka. Anachepetsa moto, anavundula, nsima n'kulimba ndithu. Koma pakamwa inali yamchere, yowawira kumapeto, ngati chigumu chochuluka soda. Achimwene akuti thumbalo linali pa shelefu imodzi ndi linzake ndipo zithunzi zake n'zofanana. Alamu akuti iwo anatuma munthu wodziwa kuwerenga. Komiti yagamula kuti onse alibe mlandu, koma achimwene sadzatumidwanso ufa. Nkhuku yootcha, nyemba ndi masamba otendera zinatha zonse, ndipo usipa umene Agogo anabwera nawo kuchokera ku Nkhotakota unagawidwa mowerenga. Mitanda yamchere ija a GPS anadya iwiri, akuti ndi tsabola wa kambuzi siimveka.

Mkangano waukulu unabuka tikusamba m'manja, ndipo unali wa mlandu wa Marbury ndi Madison. Kwa amene simukuudziwa mlanduwu: Pulezidenti John Adams ataluza chisankho cha 1800, anasankha majisitireti 42 a mzinda wa Washington m'masiku ake omaliza. Makalata a udindo anasainidwa n'kudindidwa, koma ena sanaperekedwe kwa eni ake Jefferson asanalumbire kukhala pulezidenti pa 4 March 1801. Boma latsopano linawakaniza. William Marbury, mmodzi mwa osankhidwawo, anapita ku Khothi Lalikulu kukapempha kuti lilamule nduna yatsopano James Madison kupereka kalata yake. Pa 24 February 1803 Marshall anagamula kuti Marbury anali woyenera kulandira kalatayo, kuti boma linalakwa kumukaniza, koma kuti khothilo silingalamule, chifukwa gawo 13 la lamulo la makhothi la 1789, limene linalipatsa mphamvu yomva mlandu wotere mwachindunji, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko, choncho n'lopanda ntchito.

A Phunzitsi anati ichi n'chinyengo choyera. Nduna imene inadinda makalatawo n'kulephera kuwapereka inali Marshall yemweyo, amene mwezi womaliza wa Adams anagwira maudindo onse awiri. "Inu a Loya, jaji angaweruze bwanji mlandu umene anauyambitsa yekha? Kwathu mukanalemba kalata tsiku lomwelo kuti achokepo." A Loya sanakane, anati lero jaji wotere akanayenera kudzipatula. Koma anati tiyang'ane chimene akanapeza akanalamula Madison: Jefferson akanangonyalanyaza, khothi lopanda asilikali n'kusanduka choseketsa. M'malo mwake analuzitsa Marbury, boma n'kusowa choti likane, ndipo m'chigamulo chomwecho anakhazikitsa kuti khothi lingathe kufafaniza lamulo la aphungu. Pa mfundo ya kudzipatula a Phunzitsi ananena zoona, ndipo palibe anawagonjetsa. Koma pa funso limene tinapitira ku Richmond, yankho linali la a Loya: mphamvuyo anaitenga pa mlandu umene boma linkaona ngati lapambana, ndipo khothilo silinafafanizenso lamulo lina la Congress mpaka 1857.

Zinatifikitsa kumudzi mosachedwa. Gawo 5 la malamulo aakulu a Malawi a 1994 limanena poyera kuti lamulo kapena mchitidwe wa boma wotsutsana nawo ndi wopanda mphamvu, choncho majaji asanu amene anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019 pa 3 February 2020 sanachite kuisaka mphamvuyo ngati Marshall, inali yolembedwa kale. Pamenepo ena anayamba kutchula zipani, a Tcheya n'kutikumbutsa lamulo lathu loyamba.

Ku nyumba ya malamulo ya Virginia tinangolowa pang'ono kukaona chipinda chakale cha aphungu, mmene Marshall anaweruzira mlandu woukira boma wa Aaron Burr, amene anakhalapo wachiwiri kwa pulezidenti, mu 1807. Anaumirira kuti pakhale mboni ziwiri zoona mchitidwe weniweni wa kuukirako monga malamulo aakulu amanenera, ndipo Burr anamasulidwa, Jefferson n'kupsa mtima.

Tinamalizira kumanda a Shockoe Hill. Marshall anamwalira ku Philadelphia pa 6 July 1835 ndipo anaikidwa pambali pa mkazi wake Mary Willis Ambler, amene ankamutcha Polly. Mawu a pamwala anawalemba yekha: makolo ake, tsiku lobadwa, tsiku la ukwati mu 1783. Za ukaputeni, uphungu kapena ujaji mulibe. Ena anayamikira kudzichepetsa kumeneku, koma Amayi Busa anafunsa kuti Robin Spurlock ali kuti. Uyu ndi kapolo amene ankamutumikira m'nyumba ija zaka zoposa 50, ndipo mayi wotiyendetsa uja sanabise kuti Marshall anali ndi akapolo oposa 100 m'minda yake. Mu wilo yake anapatsa Spurlock, ali wokalamba kale, mwayi wosankha ufulu ndi kandalama koma achoke mu Virginia, kapena akhale kapolo wa mmodzi mwa ana ake. Lamulo la Virginia la 1806 linkakakamiza kapolo womasulidwa kuchoka pasanathe miyezi 12, kusiya abale ake. Spurlock anatsala. Pafupi ndi manda amenewa panali manda a anthu akuda, otsegulidwa mu 1816, momwe ofufuza akuti munaikidwa anthu oposa 22,000, ndipo pamwamba pake panadutsa misewu ndi njanji. Tinayenda kukaima chapafupi, Amayi Busa n'kupemphera mu Chichewa. Tagwirizana kuti pepala la mwezi wamawa likhale la milandu ya akapolo ndi ya eni nthaka oyambirira a ku America imene Marshall anaweruza, kuyambira Johnson ndi M'Intosh wa 1823 mpaka Worcester ndi Georgia wa 1832, ndipo a Phunzitsi adzipereka okha kulemba.

Zikomo a Mlembi chifukwa cha matelefoni onse aja, Amayi Busa chifukwa cha nsima yodyeka, Agogo chifukwa cha usipa, atsikana a kwaya amene sanalole a GPS kusinza pobwerera, ndi a GPS amene anatiyendetsa ulendo wonse popanda kudandaula. Obwereketsa minibasi aona pokalika paja ndipo atumiza bilu. A Msungichuma akuti igawidwa mofanana kwa onse amene anali m'galimoto, ndipo atenala awiri aja, amene sanamalizenso ya mafuta, awaone Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi.