Kompyuta ya RAM yochepa, ndiikemo pulogalamu iti ya ma torrent?

Laputopu yanga ili ndi RAM (memory imene kompyuta imagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu) ya 2GB basi ndipo zoitaya sindikuziganiza nkomwe, imagwira ntchito bwinobwino bola osaisenzetsa katundu woposa msinkhu wake. Vuto limayamba ukafuna kukoka fayilo yaikulu, monga ISO ya Debian (fayilo yoikira Linux pa kompyuta) kapena zinthu za pa webusaiti ya Internet Archive kudzera pa torrent, njira yokokera fayilo zidutswazidutswa kuchokera kwa anthu ena amene ali nayo, pamenepo pulogalamu imene wasankha ndiye imalamula ngati makina ayende kapena angoima njii, RAM ikadzadza zonse zimathawira ku swap, malo a pa hadi disiki ogwirizira RAM koma ochedwa kwambiri, fani kulira, mausi osasuntha, iwe kumangoyang'ana.

Zoyendera Java ndinazichotsa pa mndandanda poyambirira penipeni. Vuze, ija kale inkatchedwa Azureus, ili ndi zinthu zambirimbiri koma imayenera kudzutsa kaye JVM, pulogalamu yoyendetsa zolembedwa mu Java, ndiye RAM yapita kale usanakoke ndi kafayilo kamodzi komwe. FrostWire chimodzimodzi.

Ambiri amathamangira uTorrent poti dzina linatchuka. Zoona, Ludvig Strigeus atailemba mu 2005 kanali kapulogalamu kakang'ono kodabwitsa, koma kampani ya BitTorrent itaigula mu 2006 zinthu zinayamba kusintha pang'onopang'ono, malonda anadzalowamo, ndipo mu 2015 kunali phokoso lalikulu chifukwa inkabwera limodzi ndi Epic Scale, pulogalamu yokumba ndalama za crypto pogwiritsa ntchito purosesa ya mwini kompyuta. Pa makina ofooka kale zimenezo ayi ndithu.

qBittorrent ndimaikonda, ndi yaulere, malonda mulibe, koma apa pali kanthu koti mudziwe. Mkati mwake imayendera libtorrent, injini imene imagwira ntchito yeniyeni yokoka, ndipo kuyambira libtorrent 2.0 mafayilo amawerengedwa ndi kulembedwa kudzera mu memory mapping, kutanthauza kuti zidutswa za fayilo zimasungidwa mu RAM, ndiye mukatsegula Task Manager mumaona nambala yoopsa ya RAM imene ikudyedwa. Mbali ina ya RAM imeneyo sisitimu imatha kuibweza ikafunika kwina, komabe pa 2GB ine sindifuna zodalira kuti mwina ibweza. Mwamwayi palinso qBittorrent yomangidwa ndi libtorrent 1.2, ngati mwaumirira tengani imeneyo. Komanso imabwera itaikidwa kuti izilumikizana ndi anthu mpaka 500 nthawi imodzi, 100 pa torrent iliyonse, ndipo munthu aliyense amene mwalumikizana naye amadyako kachidutswa ka memory. Tsitsani manambala amenewo, ine ndimaika 100 ndi 30, liwiro silitsika kwenikweni chifukwa anthu ochepa amene ali ndi intaneti yabwino amakwanira kudzaza laini yanu.

Imene ndinakhazikika nayo ndi Transmission. Ilibe zokongoletsa, umaponyamo magnet link, linki yolozera torrent, ndiye basi yayamba. Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi transmission-daemon pa Linux, imene imayenda kumbuyo popanda windo iliyonse, ndiye ukafuna kuona pamene yafika umatsegula pa browser pa port 9091. Koma tamverani, musatsegule browser pa kompyuta yomweyo ndi kuisiya, chifukwa Chrome kapena Firefox yokhala ndi ma tab angapo imadya RAM kuposa Transmission yeniyeniyo kutalitali. Ine ndimaonera pa foni kudzera pa wifi, kungoti uyenera kuyamba waloleza IP (adiresi ya pa netiweki) ya foniyo mu settings.json pa rpc-whitelist, ndipo uzisintha daemon itazimitsidwa apo ayi ikamatseka imafufuta zimene walembazo.

Amene saopa terminal, windo yolembamo malamulo, pali rTorrent ndi aria2. Ndi aria2 umangolemba aria2c kenako dzina la fayilo ya torrent, ndipo imakokanso za HTTP ndi FTP. rTorrent ndi yopepuka zedi koma kuti uzolowere mabatani ake umafunika kuleza mtima, ine inanditopetsa.

Ndiye pali ena amaika pulogalamu yonse ya torrent pomwe akungofuna kusamutsa mafayilo kuchoka pa laputopu kupita pa foni m'nyumba momwemo. Ngati muli ndi Python 3, lowani mu foda imene muli mafayilowo, lembani python3 -m http.server 8000, kenako pa foni tsegulani IP ya laputopu ndi :8000 kumapeto. Mukamaliza dinani Ctrl+C, chifukwa ikakhala yotsegula aliyense amene ali pa wifi yomweyo akhoza kuona zonse zili mu foda imeneyo.