Sabata ya m'chipinda chodulira filimu ya reggaeton

Ndine editor pakampani ina yaing'ono ya mafilimu kuno ku London, ndipo miyezi ino tili kalikiliki ndi filimu yofotokoza mbiri ya nyimbo za reggaeton. Ojambula anapita kale ku Panama, ku Puerto Rico ndi ku New York. Yanga ntchito ndi kukhala pakompyuta, mahedifoni kukhutu, kusankha zolowa ndi zotsala.

Lolemba inafika hard drive yomwe tinkaidikira, ya matepi akale a VHS amene anthu a ku San Juan, likulu la Puerto Rico, anatibwereka. Ambiri anajambulidwa m'maphwando a m'magalaji ndi m'mabwalo a caserío, nyumba zaboma zosanjikizana momwe mumakhala anthu osauka. Zithunzi zake zikunjenjemera, mitundu inasuluka, ndipo pomwe deki inatafuna tepi pakudutsa kamzere koyera. Pa tepi ina mnyamata wovala kapu motembenuza akuimba mothamanga, maikolofoni yomanga ndi selotepi ili m'manja, kumbuyo kwake mayi wina akudutsa ndi mphika osamucheukira n'komwe. Ndinaikapo chizindikiro nthawi yomweyo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 nyimbozi ankangozitcha underground. DJ Playero ankajambula achinyamata n'kumagulitsa makaseti, ndipo Daddy Yankee anayamba kumveka pa makaseti amenewo. DJ Negro anali ndi kalabu ya The Noise, komwe Ivy Queen anadziwikira.

Lachiwiri ndi Lachitatu zinathera pa kukokana ndi a director athu. Iwo ankafuna filimu iyambire mu 2004, chaka chomwe nyimbo ya Daddy Yankee, "Gasolina", ya mu chimbale cha Barrio Fino inagwedeza dziko, kenako Panama ingotchulidwa modutsa. Maganizo awo ndimawamvetsa. Zithunzi za 2004 zilipo zambiri, zowala bwino, pomwe za ku Panama za m'ma 1980 n'zosowa kwambiri. Koma apa ndi pomwe mafilimu ambiri a mbiri ya nyimbo amapunthwa. Amangolondola komwe kunali kamera, ndiye komwe kunalibe kamera nkhani imafinyidwa. Chonsecho anthu amene anayambitsa zinthuzi ndi omwe analibe ndalama yogulira kamerayo.

Nkhani ya ku Panama ndi yaitali. Anthu akuda zikwizikwi ochokera ku Jamaica ndi ku Barbados anapita kukakumba ngalande ya Panama, yomwe inatsegulidwa mu 1914, ndipo ambiri sanabwererenso kwawo. Zidzukulu zawo, ku Colón ndi ku Río Abajo mu likulu la dzikolo, zinakula zikumva reggae ya ku Kingston. M'zaka za m'ma 1980 achinyamata ngati Renato, Nando Boom ndi El General anayamba kuimba m'Chisipanishi pamwamba pa zing'wenyeng'wenye za ku Jamaica zija. Makaseti awo ankawapereka kwa madalaivala a diablos rojos, mabasi akale a sukulu a ku America opakidwa zithunzi mbali zonse. Amene munakwerapo minibasi ya ku Ndirande mukudziwa kuti nyimbo imene dalaivala waikonda, pofika Loweruka tauni yonse ikuiimba.

Mu zomwe ojambula anabweretsa munali kucheza ndi gogo wina amene ankayendetsa basi zaka zimenezo. Palibe amene anakuwerengera, chifukwa gogoyo anakhala pamdima ndipo nkhope sikuoneka bwino. Koma mawu ake ndi okoma zedi. Akufotokoza mmene anyamata a sukulu ankalola basi yopanda anthu idutse, n'kudikira yodzaza bola ili ndi kaseti yatsopano. Ndinatenga mawu okhawo n'kuwayala pa zithunzi za basi yakale yoimikidwa pabwalo, kamera ikuyenda pang'onopang'ono pa utoto wosendeka ndi pamabowo pomwe pankakhala masipika. Lachitatu madzulo ndinawapempha a director kuti aonere kaye asanagamule. Anaonera, anapempha ndibwezenso, kenako anavomera kuti "Gasolina" ingotsegula mwachidule ndipo Panama ibwere pompo, ndi nthawi yake yokwanira. Ndinapita kunyumba mtima uli m'malo.

Lachinayi linali tsiku la a loya. Pafupifupi nyimbo iliyonse ya reggaeton imakhala pa kagundidwe kamodzi ka ng'oma, dembow, kamene kanatchuka ndi nyimbo ya woimba wa ku Jamaica Shabba Ranks ya mu 1990, "Dem Bow", yomwe anaikonza Bobby Digital. Ine ndinkafuna kuika nyimbo za ku Kingston, ku Panama ndi ku San Juan motsatizana kuti woonera amve yekha ndi makutu ake mmene ng'omayo inawolokera nyanja. Vuto n'loti chilolezo cha nyimbo iliyonse chimalira ndalama zomwe kampani ngati yathu ilibe. Komanso kuyambira mu 2021 nkhaniyi inalowa m'khoti ku Los Angeles. Producer wa ku Jamaica Clevie Browne pamodzi ndi a banja la mnzake Steely Johnson, yemwe anamwalira mu 2009, akuti gwero la kagundidweka ndi "Fish Market" yawo ya mu 1989, ndipo dandaulo lawo likukhudza nyimbo zoposa 1,000. A loya anadutsa mzere ndi mzere m'mawu a wofotokoza nkhani, kuchotsa chilichonse chomveka ngati ife tagamula mlanduwo. Pamenepo sindinatsutse. Chomwe ndinakana ndi maganizo oti tingochotseratu mayina a anthu a ku Jamaica kuti tipewe mavuto. Mayinawo atsala. M'malo mwa nyimbo zija taika producer wina wa ku San Juan akumenya tebulo ndi manja, lamanzere likugunda kanayi mofanana, lamanja likudumphira pakati. Mwana wamng'ono akhoza kutsatira.

Lachisanu tinalowa mu February 1995, pomwe apolisi analowa m'masitolo ogulitsa nyimbo m'dera la San Juan n'kulanda makaseti a underground, ati ndi olaula komanso olimbikitsa chiwawa. Inali nthawi ya bwanamkubwa Pedro Rosselló, pomwe boma lake linkatumiza apolisi ndi asilikali m'ma caserío. Nyumba ina ya kanema ili ndi zithunzi za tsikulo koma mtengo womwe inatchula sitingaufike, choncho tagwiritsa ntchito masamba a nyuzipepala ndi mawu a mayi wina amene ankagulitsa makaseti, yemwe akuti anabisa ake pansi pa zovala zochapa. Mnzanga wa ku Puerto Rico amene amatimasulira anakhala nane mpaka usiku, kukonza mawu olembedwa pansi pa zithunzi kuti kayankhulidwe ka mayiyo kasamveke ngati ka mu ofesi.

Lolemba likudzali tikuyamba gawo la azimayi, kuphatikizapo 2002 pomwe senator Velda González anatsogolera nkhondo yolimbana ndi makanema a gule wa perreo. Pakadali pano gawoli ndi lalifupi kwambiri, ndipo ndawalembera kale a director kupempha kuti titumizenso ojambula kwa ovina amene anali m'makanemawo, adzayankhule okha.