Zikomo nonse amene munatigwira mkono pa munda wa sukulu yathu

Abale anga a ku Mabvuku, Tafara, Epworth kuno ku Zimbabwe, ndi inu muli ku Joni ndi ku UK amene mumangoona zithunzi pa gulu la WhatsApp, chimanga cha m'munda wa sukulu tamaliza kutonola ndipo matumba talowetsa m'nyumba. Ine ngati mmodzi wa makolo a mu komiti ya chitukuko cha sukulu (SDC) ndati ndisagone ndisanathokoze, pepani ndilemba zambiri.

Mukukumbukira momwe zinalili mu 2024. Mvula inadula chimanga chili m'mawondo, dzuwa la El Niño lija linawotcha zonse mpaka mu April President Mnangagwa analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya chilala. Munda wathu unangosanduka fumbi, ndiye ngati sizikukwana akuba anabwera usiku n'kuzula ma sola a pampu ya pa mjigo, dimba la masamba a covo ndi rape n'kuuma, ndipo kuno kwathu aliyense akudziwa kuti madzi a pa mpopi sungawadalire. Pa miting'i makolo ena ananena poyera kuti tisiye zimenezi, malowo tingopanga bwalo la mpira basi. Sindikuwadzudzula ayi, anthu anali atatopa, fizi yomwe inali kuvuta, ndalama n'kusinthanso kukhala ZiG mwezi womwewo wa April, aliyense mutu uli gwa.

Oyamba kuthokoza ndi agogo athu. Eee azimayi amenewa! Ambiri mwa iwo makolo awo anachokera ku Nyasaland nthawi ya Federation, 1953 mpaka 1963, ena kale kuposa apo, anakulira m'mapulazi a fodya akugwira ntchito ya anthu ena, ndipo mapulazi atalandidwa kuyambira 2000 anapezeka ali m'tauni muno opanda ngakhale kamunda. Ndi iwowa anabwera ndi makasu awo mu October dzuwa likuswa mtengo, kudzakumba mapando a Pfumvudza, ulimi uja wa m'mapando wophimbira nthaka, limodzi ndi ana. Aphunzitsi a agri anali ndi tepi ndi chingwe, kuyeza mamita 39 kwa 16, mizere 52, mapando 28 pa mzere uliwonse, akufotokozera ana kuti mzere umodzi ukuyenera kudyetsa banja sabata yathunthu. Agogo mmodzi anangoyang'ana n'kuseka, akuti aphunzitsi yezani ndithu koma phando lopanda manyowa ndi dzenje chabe, ndipo mawa lake anatulukira ndi wilibala ya zitosi za nkhuku zowolerana bwino. Udzu wophimbira nthaka anakamweta okha m'mbali mwa msewu.

Chomwe sindidzaiwala ndi nkhani ya ntchemberezandonda. Zinalowa chimanga chikadali chaching'ono, masamba mabowo okhaokha, ndalama ya mankhwala palibe. Agogo aja anasonkhanitsa ana a Grade 6 ndi 7 m'mawa, aliyense kachitini ka phulusa losakaniza ndi mchenga m'manja, kutsina pang'ono n'kuthira mumtima mwa chimanga mmene mbozi imabisala, phesi ndi phesi, kwinaku akuphwanya mazira ndi chala kuseri kwa tsamba. Mwana wanga amene amanyansidwa ngakhale ndi mphemvu ndinamuona atagwira mbozi akuionetsa anzake, ati iyi ndi yeniyeni onani chilembo cha Y pamutu. Agogo amalankhula Chichewa chokhachokha, ana akuyankha m'Chishona, koma amamvana bwinobwino, ndipo pano ana omwe amachita manyazi kunena kuti kwawo ndi ku Malawi ukuwamva akuti nkhwani, chisoso, bonongwe pakati pa anzawo. Chichewa chili pa zilankhulo 16 za mu Constitution ya 2013 inde, koma ine pa sukulu pano ndinayamba kuchimva mokweza kumunda kuja.

A hedi, zikomo potsegula geti Loweruka ndi kulola anthu a m'dera kulowa ngati kwawo. Aphunzitsi a agri, inu holide simunaione, Mulungu akubwezereni. Inu akunja amene munaponya kangachepe pa EcoCash ndi Mukuru mpaka tinagula ma sola ena ndi kuwotcherera khola lachitsulo pamwamba, malisiti onse ali kwa msungichuma, amene akufuna kuona abwere asachite manyazi. Anyamata owotcherera anakana kulandira ya ntchito. Azibambo a mpingo ndi a ku mzikiti amene munkasinthana kulondera usiku kuzizira kwa June kuja, zikomo. Amayi ogulitsa ku Mbare Musika amene mumatenga covo wathu pa mtengo wabwino ngakhale inuyo moto wa October 2024 unakupsererani katundu, ife tinaona ndipo sitinaiwale.

Kunena zoona sizonse zayenda. Akalulu anatha ndi matenda, tomato anagwidwa ndi kangaude wofiira uja, ndipo pali makolo ena amene amangotulukira tsiku logawana masamba, dzina sinditchula koma mukudzidziwa kkkk. Komanso ndipemphe aphunzitsi ena, chonde kumunda kusakhale kotumizako mwana akachedwa kapena akachita phokoso m'kalasi, ife tinakula tikudana ndi khasu chifukwa cha chibalo chotere.

Chimangachi tagwirizana kuti chipite ku chigayo, ana azimwa phala m'mawa temu ikubwerayi, china tigulitse tigule anapiye. Loweruka lino kuyambira 8 koloko tikugawa mbande za rape, mpiru ndi anyezi kwa aliyense wa m'dera, bwerani ndi chigoba kapena pulasitiki yanu. Amene muli ndi mbewu ya nandolo kapena mawungu a kumudzi tibweretsereniko, agogo akuti chaka chino akufuna adzale pakati pa mizere.