Petro anakana kusambitsidwa mapazi

Sabata Loyera lino ndakhala ndikuwerenga za masiku otsiriza a Yesu, ndikufananitsa zimene analemba Luka ndi zimene analemba Yohane. Pamene ndachedwapo kwambiri ndi m'chipinda chapamwamba chija, mmene Yesu anadya mgonero womaliza ndi ophunzira ake usiku wa Lachinayi.

Luka 22:24 akuti pa mgonero womwewo, mkate utanyemedwa kale, ophunzira anayamba kukangana kuti wamkulu ndani pakati pawo. Yohane 13 sautchula mkanganowo. Iye amangotionetsa Yesu akunyamuka, kuvula malaya akunja, kumanga nsalu m'chiuno ndi kuthira madzi m'beseni. Masiku amenewo anthu ankayenda m'fumbi ndi nsapato zoonekera zala, ndipo kusambitsa mlendo mapazi inali ntchito ya kapolo. Yudasi anali akadali m'nyumbamo, popeza amatuluka pa vesi 30. Ndiye kuti mapazi amene anali pafupi kukatenga asilikali nawonso anapukutidwa ndi nsalu yomweyo.

Koma amene wandisowetsa mtendere ndi Petro. Beseni litafika pa iye anakanitsitsa, nati zimenezo sizidzachitika mpaka kalekale. Ukamva mwachangu umati ndi ulemu, munthu wodziwa malo ake. Yesu sanaone choncho. Anamuuza kuti akapanda kumusambitsa, alibe gawo ndi iye. Kudzichepetsa kumene timakuphunzitsa kawirikawiri ndi kotumikira ena, ndipo n'koona. Komabe potumikira umakhala udakali ndi kena kake m'manja, ndiwe wopatsa, anthu amakuthokoza. Kutambasula phazi lakuda kuti wina aligwire ndiye kumawawa, chifukwa ukuvomera kuti pali litsiro limene sungalichotse wekha. Ambirife tingalole kunyamula beseni tsiku lonse, bola tisakhale pa mpando wa Petro.

Pa za masautso, chandithandiza ndi chakuti Yesu sananamizire kulimba mtima. Ku Getsemane anauza anzake atatu kuti moyo wake unali ndi chisoni chofa nacho, nawapempha kuti achezere naye. Anapempha Atate kuti chikho chimupitirire, kenaka n'kuvomera chifuniro chawo. Panjira ya ku Gologota mtanda anamunyamulira ndi munthu wongodutsa, Simoni wa ku Kurene, amene asilikali anamukakamiza (Marko 15:21 amatchula ndi ana ake omwe, Alesandro ndi Rufo). Ali pamtanda anafuula ndi mawu oyamba a Salmo 22, kufunsa Mulungu chifukwa chimene wamusiyira. N'chifukwa chake mtima umandipweteka ndikamva wodwala kapena wofedwa akuuzidwa kuti Mkhristu salira, angopirira. Mwini chikhulupiriro chathu analira, ndiponso anafuna anthu pafupi.

Aroma ankapachika akapolo ndi oukira boma, anthu amene ankafuna kuwachititsa manyazi pagulu. Paulo, polembera Afilipi ali m'ndende, akutsika nayo nkhaniyi pang'onopang'ono m'mutu 2: wofanana ndi Mulungu anatenga maonekedwe a kapolo, namvera mpaka imfa, ndipo imfa yake ya pamtanda. Kukwezedwa kukubwera pa vesi 9, ndipo wokweza ndi Mulungu.

Luka yekha ndiye amatiuza za chigawenga chimene chinatembenuka mtima pambali pa Yesu. Munthuyu analibe nthawi yobweza zimene analanda, kapena yokapepesa kwa amene anawalakwira. Manja amene akanagwira nawo ntchito zabwino anali pamtanda. Anavomera kuti chilango chake chinali chomuyenera, nati Yesu sanalakwe kanthu, n'kupempha chinthu chimodzi chokha, kuti akamukumbukire mu ufumu wake. Iye ankanena za tsiku lina la m'tsogolo, koma Yesu anamuyankha kuti lero lomwe adzakhala naye m'Paradizo.